Kachipangizo komata mkhwapa koyeza kutentha thupi nkuliza foni: mafunso amene mwakhala mukundifunsa

Chiyambire tsiku lomwe ndinanena ku mvano kuti mwana wa mng'ono wanga tinkamulondera usiku ndi kachipangizo komata mkhwapa, foni yanga sikupuma ayi. Ena akufuna adziwe ngati sikawotcha mwana, ena akuti kodi kamadziwa malungo, ndipo mayi wina anachita kundiimitsa pa msika wa Bembeke, dengu la mbatatesi lili pamutu, kuti ndimuonetse ndi maso. Nde ndati bola ndingoyankha onse pamodzi. Ine si nesi, ndine munthu woti ndadwazika basi, poyamba khanda lija lomwe linabadwa masiku osakwana mu June, kenako mayi anga omwe chaka chathachi anagona milungu itatu. Kachipangizoko anatitumizira ndi achimwene athu omwe ali ku Joni. Zomwe ndalemba apa ndi zomwe ndaona ndekha, kuphatikiza zomwe azachipatala amatiuza tonse ku sikelo koma tikafika kunyumba timaiwala.

Kodi ndi kachani kwenikweni?

Tangoganizani pulasitala wokulirapo pang'ono, wofewa, mkati mwake muli kasensa komva kutentha, kabatire, ndi Bluetooth yomwe ija timatumizirana nayo nyimbo. Mumamata mkhwapa, cha mmwamba penipeni pomwe mkono ukatsika umaphimba. Kamayeza kosalekeza usiku onse nkumatumiza nambala ku app ya pa foni. Pa app po mumaika nokha malire, kuti ikapyola apa lira, ikatsika kufika apa liranso. Imajambulanso kamzere koonetsa mmene thupi layendera, moti mmawa mumaona kuti cha mma 1 koloko linakwera, cha mma 4 linatsika.

Tilipo tamitundumitundu. Kena kotchedwa TempTraq ka ku America nkogwiritsa ntchito kamodzi, batire lake limakhala maola 24, 48 kapena 72 malinga ndi mtundu womwe mwagula, likatha mumataya. Tina ntotchaja, mumangosintha zomatira zake, kathu nkotero. Ku India anapanga kena kotchedwa BEMPU, ako nde nkachibangili kovala khanda pamkono, sikafuna foni nkomwe. Mwana akakhala bwino kamaphethira buluu, akazizidwa kamayaka olenji nkuyamba kulira kokha, ndipo kamakhala mwezi wathunthu. Amene anapanga kameneko anatiganizira ife akumudzi ndithu.

Kamafuna bandulo? Kwathu netiweki ndi yovuta

Ngati foni ili mnyumba momwemo ndi wodwalayo, ayi, sikafuna bandulo olo mayunitsi. Bluetooth siyendera netiweki. Bandulo imafunika tsiku loyamba potsitsa app, komanso ngati mukufuna munthu wina wakutali aziona manambalawo pa foni yake. Nde inu a ku Lizulu ndi Biriwiri omwe foni imangolumphira netiweki ya ku Mozambique mukangowoloka msewu, musadandaule, za mnyumbazo zigwirabe.

Koma Bluetooth siyipita patali. Mamita 10 kapena kupyola pang'ono pakakhala popanda chotchinga, ndipo khoma la njerwa zowotcha limadula kwambiri. Olo thupi la mwanayo likagonera mbali yomwe kali limatha kutchinga. Ine ndinayesa kusiya foni pabalaza mwana ali kuchipinda, inkangodukaduka, mpaka ndinaona kuti malo a foni ndi pampando pafupi ndi mphasa basi. Mukapita kudimba kapena kumjigo ndi foni mthumba, dziwani kuti palibe chikulondera mwana.

Chinanso, foni ya mabatani siyingatheke olo ili ndi Bluetooth, pamafunika foni ya touch yoti app ilowe.

Alamu ndiyiike pa nambala iti?

Thupi la munthu wabwinobwino limasewera pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, mmawa limatsikirapo, madzulo limakwererapo. Mkhwapa mumaonetsa nambala yotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi mkati mwa thupi, mwina ndi theka la digiri, nchifukwa chake azaumoyo kuno akayeza mwana mkhwapa nkupeza 37.5 amati thupi latentha kale. Kwa mwana wamkuluko ndi kwa akuluakulu ife timaika alamu pa 38. Kwa khanda losakwana miyezi iwiri nkhani ndi ina: 37.5 kupita mmwamba ndi kuchipatala, kutsika pansi pa 35.5 ndi kuchipatalanso, palibe zoti tidikire kuche.

Apa ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chomwe chinatisokoneza usiku woyamba. Mng'ono wanga anayang'ana foni nkuona 98.9, anangoti mayo mwana wanga akupsa, misozi ili mbwembwembwe. Chonsecho app inali pa muyeso wa ku America wotchedwa Fahrenheit. Pa muyeso umenewo 98.6 ndi 37 yathu, 99.5 ndi 37.5, ndipo 100.4 ndi 38. Lowani mma setting musankhe C, kutanthauza Celsius womwe ndi muyeso wathu, musanamate nkomwe, osadikira pakati pa usiku maso ali ndi tulo.

Bwanji mukukamba za kuzizira? Ife timaopa kutentha

Ili ndi funso lomwe ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa kuno kwathu ndi komwe kachipangizoka ndinakaona phindu lake lenileni. Boma la Dedza lili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, phiri lija limapyola mamita 2,000. Amene munagonako ku Bembeke, ku Lobi kapena ku Tsangano mu June ndi July mukudziwa, mphepo imalowa pansi pa malata, madzi amumtsuko mmawa amachita kuluma zala. Munthu wamkulu akazizidwa amanjenjemera, amadzikokera bulangete. Khanda silitha zimenezo. Mafuta mthupi ndi ochepa, mutu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi nde kutentha kumathawira kumeneko, ndipo lobadwa masiku osakwana kapena losakwana makilo 2.5 nde limazizira msanga kwambiri. Choopsa nchakuti mwana wozizidwa salira. Amangogona phee, amayamwa mofooka, ife nkumati mwana wofatsa uyu.

Wathu anatuluka mchipatala ali pa kangaru, kumumanga pachifuwa pa mayi ake khungu kukhudza khungu, atavala thewera, chipewa ndi masokosi basi. Njira imeneyi inayambira ku Bogotá mdziko la Colombia mu 1978 chifukwa makina ofunditsira ana ankachepa, ndipo kuno ku Malawi inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Nde usiku wina cha mma 2 koloko foni inalira. Ndinadzidzimuka, kuyang'ana, 36.1. Mng'ono wanga anali atamumasula nkumugoneka pambali kuti msana upumeko pang'ono, tulo nkumuba. Mwana anali mmabulangete awiri, ukamuona ungati ali bwinobwino. Nditapisa dzanja ndinapeza thewera lanyowa, timapazi tili zii ngati mwala wa mumtsinje. Ndinamugwedeza mayi ake, iwe dzuka mwana wazizidwa. Tinasintha thewera msangamsanga, ine ndinavula bulauzi nkumuika pachifuwa panga, iye anamanga chitenje kumbuyo, kenako tinamuyamwitsa. Tinakhala tikuyang'ana kamzere kaja kakukwera pang'onopang'ono, 36.3, 36.4, ola lisanathe kanafika 36.7. Palibe anagonanso usiku umenewo.

Nde kwa khanda ikani alamu yapansi pa 36.5. Ikalira, pachifuwa, chipewa, bere. Pakapita ola osakwera, kapena yatsika pansi pa 35.5, kapena sakuyamwa, nyamukani ali pachifuwa pomwepo, chifukwa kwa ana ang'ono chonchi kuzizira kumathanso kukhala chizindikiro cha matenda olowa mmagazi. Ndipo chonde, mbaula ya makala mchipinda chotseka ayi, mpweya wake umapha anthu ali mtulo osamva fungo lililonse. Botolo la madzi otentha pafupi ndi khungu la khanda ayinso, limawotcha. Kangaru si wa mayi yekha, bambo, agogo, azakhali, aliyense wabwinobwino atha kulandira.

Kakalira nde kuti ndi malungo eti?

Ayi, ndipo apa mpomwe ndimaopa kuti tizipangizoti tingatipusitse. Mchichewa chathu thupi likangotentha timati ndadwala malungo, mawu ndi amodzi omwewo. Koma kachipangizoka kamangodziwa kutentha basi, sikadziwa chomwe chatenthetsa. Chingakhale malungo, chingakhale chibayo, khutu, zilonda zapakhosi, chikuku, matenda a mchikhodzodzo, chimfine wamba, pena katemera yemwe mwana wabayidwa dzulo, pena matenda oumitsa khosi. Nambala yake imaoneka chimodzimodzi.

Malungo amadziwika pobaya chala, zotsatira zimatuluka mphindi 15 kapena 20. Akapezeka mpomwe amapereka LA, mankhwala omwe dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 mmalo mwa Fansidar. Amamwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, kachiwiri pakapita maola 8, kenako mmawa ndi madzulo, ndipo amagwira bwino munthu akadya kanthu ka mafuta kapena mwana akayamwa. Apa pali msampha wina. Tsiku lachiwiri kamzere ka pa foni kamatsika bwinobwino, mtima nkumati wachira, otsalawa tisungire tsiku lina. Musatero, malizani onse. Kutsika kwa nambala sikutanthauza kuti tizilombo tatha mmagazi.

Ife akumtunda kuno timakonda kunena kuti udzudzu kulibe, kumazizira. Zoona ndi wochepa poyerekeza ndi ku Mtakataka, ku Golomoti kapena ku chigwa cha Bwanje, koma timayenda, timapita kumaliro ndi kukagula nsomba kunyanja, ndipo nthawi ya dzinja udzudzu umapezeka ndithu. Ukauza adokotala kuti sabata yatha tinagona ku Golomoti, wawathandiza. Akayeza nkupeza mulibe malungo musakwiye nkukagula LA kwina, afunseni kuti nanga chatenthetsa thupi nchani, amuone pachifuwa, kukhosi ndi mmakutu.

Yalira pakati pa usiku, ndiyambe chani?

Siyani foni kaye, yang'anani munthuyo. Mudzutseni, muyankhuleni, muoneni mmene akupumira. Onani ngati kachipangizo kakadali pamalo pake. Kenako yezani ndi themometa wamba mkhwapa inayo kuti mutsimikize, nchifukwa chake ndimati olo muli ndi kapamwambaka themometa wamba isasowe mnyumba.

Ngati watenthadi koma akuyamwa, akumwa, akukuzindikirani, chotsani mabulangete ena, musiyeni ndi kansalu kopepuka, mupatseni bere kapena madzi pafupipafupi. Agogo amakonda kunena kuti mfunditseni atuluke thukuta, ndimawalemekeza koma pamenepa ndimakana. Panado mupatseni molingana ndi sikelo yake monga anakulemberani kuchipatala, maola 6 aliwonse, osapyola kanayi pa tsiku, ndipo lembani nthawi yomwe mwamupatsa. Asipirini kwa mwana ayi. Madzi ozizira omuthira ayi, ngati mukupukuta akhale ofundirako. Kukacha pitani, asathe maola 24 osayezedwa. Mwana wa miyezi iwiri mpaka zaka zisanu atha kuonedwa ndi alangizi a zaumoyo pa kiliniki ya mmudzi ngati kwanu ilipo.

Koma pali zina zosadikira kucha, kaya foni ikuti 39 kaya ikuti 37: mwana akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akugwedezeka, ali lefuu osadzuka bwinobwino, khosi lauma, liwombo latukuka, nthiti zikulowa mkati popuma, mmanja mwayera. Kupuma kumawerengedwa pa mphindi yathunthu mwana ali chete: 60 kupita mmwamba kwa wosakwana miyezi iwiri, 50 kwa wa miyezi iwiri mpaka chaka, 40 kwa wa chaka mpaka zaka zisanu, kumeneko nkupuma mothamanga. Foni yomweyo ili ndi wotchi, igwiritseni ntchito.

Mukasowa wofunsa, pali Chipatala Cha Pa Foni, komwe mumaimba kukafunsa za umoyo, nkwaulere. Chinayambira ku Balaka mu 2011, pano chili mmanja mwa unduna wa zaumoyo. Ndipo nambala ya wa kabaza wa njinga yamoto yemwe amadzuka usiku isungeni kale, ndi kandalama kake padera kosakhudza. Alamu yolira mnyumba yopanda njira yopitira kuchipatala imangowonjezera mantha.

Kangateteze mwana ku linjirinjiri?

Ndikanakonda ndikanati eya chifukwa ambiri mukufuna kugula pa chifukwa chimenechi, koma ayi. Ana a miyezi 6 mpaka zaka zisanu ena amagwedezeka thupi likatentha, ndipo nthawi zambiri zimachitika koyambirira kwenikweni, pena musanadziwe nkomwe kuti akudwala. Olo panado woperekedwa msanga saletsa zimenezi. Chomwe kachipangizo kangachite nkukudzutsani kuti mukhale pafupi.

Zikachitika mugonekeni chammbali pamalo ofewa, kutali ndi moto, mmasuleni zovala. Osamuika supuni kapena chala mkamwa, osamumwetsa kanthu, osamufukiza utsi. Yang'anani nthawi kuti zatenga mphindi zingati. Ndipo kuno kwathu mwana wogwedezeka thupi litatentha ndi wakuchipatala nthawi yomweyo olo zitasiya zokha, chifukwa atha kukhala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi.

Kamanama?

Kamanama ndithu ukapanda kukasamala. Mukangomata kamafuna mphindi 10 kapena 15 mkono uli wotsika kuti kafanane ndi thupi, nambala zoyambirira musazitengere. Mwana akagona manja ali mmwamba ngati amachitira makanda, mphepo imalowa nambala nkutsika. Akagonera mbali yomweyo mmabulangete ambiri imakwererapo. Mukamudzoza Vaseline kapena akatuluka thukuta zomatira sizigwira. Tsiku lina mayi anga foni inaonetsa 31, mtima wanga unachita kuima, kuthamangira kuchipinda nkuwapeza ali tsonga akupemphera, kachipangizo katamatirira pa chitenje. Nde pukutani mkhwapa muume, osadzoza kanthu, kwa akuluakulu tsitsi la mkhwapa limalepheretsanso.

Koma bodza loopsa si la kulira pachabe, ndi la kukhala chete. Mafoni ambiri a Android amatseka okha ma app omwe akugwira ntchito kuseri kuti asunge batire, nde inu mwagona mukuti ndili ndi mlonda chonsecho app inafa kalekale. Lowani mma setting a batire muilole app imeneyo izigwira nthawi zonse, voliyumu ikhale mmwamba, foni isakhale pa silent. Magetsi akathima kapena sola ikapanda kudzadza chifukwa cha mitambo ya mu July, foni yofika usiku ili pa 15 peresenti siyikufikitsani mmawa, tchajani masana kapena pezani power bank. Ine ndisanagone ndimayesa kaye: ndimatsitsa malire ammwamba dala kufika pansi pa nambala yomwe ikuoneka, ikalira ndimadziwa kuti zili bwino, nkubwezeretsa.

Ndipo ikalira pachabe kawiri katatu mumayamba kuinyalanyaza, mpamene munthu amangoizimitsa ali mtulo. Mukaona zikutero konzani kamatidwe, osazimitsa alamu.

Nanga kamfuti kaja ka nthawi ya korona, kapena wotchi yapamkono, sizofanana?

Kamfuti kaja tinkalozedwa nako pamphumi pakhomo la sitolo mu 2020 kamayeza khungu kamodzi basi, sikalondera, ndipo munthu akachokera panja pozizira kamaonetsa nambala yotsika. Mawotchi otchipa omwe amati amayeza thupi amayeza khungu la pamkono, lomwe limasintha ndi mphepo. Wodwala musamuyang'anire ndi zimenezo.

Kangathandize akuluakulu?

Eya, koma mosiyana. Mayi anga poyamba anakana, amvekere mwanawe, zandimatamatazi nza chani, ine si khanda. Ndinawauza kuti amayi, nkofuna kuti ndisamakudzutseni usiku ndi themometa, inu muzigona ine ndizionera pa foni. Anavomera, ndipo zoona zake tonse awiri tinayamba kupezako tulo, amene munadwazikapo mukudziwa kuti tulo ta wodwazika ndi mankhwala pa tokha. Achimwene ku Joni tinawalumikiza, ankaona kamzere komweko ali kumeneko, ndipo usiku wina ine nditatopa zedi osamva alamu ndi iwo anaimba, iwe mlongo tadzuka ukawaone amayi. Koma onani kuti anaimbira munthu yemwe anali mnyumba. Ana omwe muli mtauni kapena kunja, musatumize kachipangizo nkuganiza kuti mwathana nazo, pafunika munthu wogona pafupi yemwe adzuke.

Chenjezo kwa okalamba ndi ili: thupi lawo pena silitentha olo matenda ali aakulu. Mayi anga tsiku lomwe anafooka kwambiri foni inkati 37.2. Chomwe chinandidzidzimutsa nchakuti anakana phala, anayamba kunditchula dzina la malemu azakhali, mkodzo unachepa. Kuchipatala anapeza chibayo. Ndikanakhulupirira nambala ndikanachedwa.

Omwe ndimaona kuti kangawathandize kwambiri ndi odwala khansa omwe akulandira mankhwala amphamvu aja ku Lilongwe nkumabwerera kumudzi. Mankhwalawo amatsitsa asilikali a mthupi, nde kwa iwo 38 ndi ngozi yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, osayamba wamwa panado kuti itsike chifukwa mukungobisa chizindikiro. Chimodzimodzi mayi yemwe wangobereka kumene, makamaka wa opareshoni, thupi likatentha, mmimba mukupweteka kapena kukutuluka zonunkha, asadikire tsiku la sikelo. Ndipo ngati kamzere kakuonetsa kutentha madzulo aliwonse, munthu akutuluka thukuta usiku, akutsokomola milungu iwiri, akuonda, kayezetseni TB, nkwaulere mzipatala za boma.

Sikoopsa pa thupi la mwana? Ena akuti kali ndi mphamvu ya magetsi

Mphamvu ya Bluetooth ndi yochepa kwambiri kuposa ya foni yomwe timaika kukhutu tsiku lonse, ndipo kabatire kake sikangagwire munthu shoko. Zoopsa zenizeni ndi ziwiri zina. Choyamba khungu: zomatira zimatha kufiiritsa kapena kuyabwa, nde sinthani mkhwapa tsiku ndi tsiku, osamata pa chilonda kapena pa zidzolo, pochotsa nyowetsani pang'ono muchotse mofatsa. Khungu la mwana wobadwa masiku osakwana ndi lopyapyala ngati la anyezi, ife tinayamba tawaonetsa anesi asanatitulutse ndipo ndi iwo anationetsa pomata.

Chachiwiri ndi batire. Tina timagwiritsa ntchito kabatire kozungulira ngati kandalama kachitsulo. Mwana wokwawa akakameza kamatha kukakamira kummero nkuwotcha mkati pa maola awiri okha. Zikatero musamusanzitse, thamangani kuchipatala mukanene kuti wameza batire. Otha ntchito musataye kudzala komwe ana amasewera kapena pamoto. Mukabwerekana ndi nyumba ina pukutani ndi sipiriti ndipo zomatira zikhale zatsopano.

App ikufunsa dzina la mwana ndi tsiku lobadwa, ndilembe?

Zambiri zomwe mwalemba zimakasungidwa ku makompyuta a kampani yomwe ili kunja. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ya munthu, koma kukatsata kampani ya kutsidya kwa nyanja uli ku Linthipe si chinthu chapafupi. Ine ndinangolemba dzina la kunyumba, chithunzi sindinaike. Ikapempha malo omwe muli, pa mafoni ena a Android Bluetooth imafunadi chilolezo chimenecho kuti ipeze kachipangizo. Koma ikapempha manambala a anzanu kapena mauthenga anu kanani, sizikukhudzana ndi kutentha thupi.

Kuchipatala amakakhulupirira?

Adzayezanso ndi yawo, ndipo akuyenera kutero, musakhumudwe. Chomwe ndinaona kuti amayamikira ndi mbiri. Mmalo monena kuti wakhala akutentha kuyambira kalekale, mumati adokotala, zinayamba Lachiwiri cha mma 11 usiku, zinafika 39.2, panado ndinapereka 12 koloko ndi 6 koloko mmawa. Izi zimathandiza makamaka pomwe mwafika mwana atazizira chifukwa cha panado ndi mphepo ya pa njinga, nkumaoneka ngati mwangobwera naye. Mzere ukakhala wautali adokotala alibe nthawi yoyendayenda mu foni yanu, nde ine ndimakopera manambala akuluakulu pa kapepala nkukapana mu buku la kuchipatala.

Nde mukuti tigule?

Ngati mnyumba mulibe themometa wamba ya batire, yambani imeneyo. Imapezeka mma pharmacy pa boma pa Dedza ndi pa Ntcheu, mtengo wake ndi wotsika kutalitali poyerekeza ndi kachipangizoka, imakhala zaka, siyifuna foni. Imeneyo, kope ndi bolopeni, neti yopanda zibowo, ndi ndalama ya kabaza, mwachita gawo lalikulu. Ndimamva chisoni ndikaona mayi akufuna kugulitsa thumba la mbatatesi kuti agule kachipangizo ka mwana wa zaka zitatu wathanzi yemwe amangodwala chimfine mwa apo ndi apo. Ameneyo dzanja lanu ndi themometa zikukwana.

Koma ngati muli ndi khanda lochepa thupi mnyengo yozizira ino, kapena wodwala khansa, kapena mukudwazika nokhanokha popanda wolandizana naye usiku, ndipo pali m'bale yemwe angakutumizireni, landirani ndi manja awiri. Muuzeni aonetsetse izi asanalipire: app yake ikupezeka pa Play Store ndipo ikulowa pa foni ngati yanuyo, ili ndi alamu yapansi osati yammwamba yokha, imalira kachipangizo kakaduka kulumikizana ndi foni, ndipo nkotchaja osati kotaya pakapita masiku awiri. Aikemonso zomatira zambiri, chifukwa zimenezo nzomwe zimatha msanga ndipo kuno simuzipeza mgolosale. Ife zitatithera tinayesa pulasitala wa pepala wa ku pharmacy, amagwira ndithu koma amafuna kumuona pafupipafupi.

Kathu pano kali kwa mayi wina wa mmudzi moyandikana nafe yemwe wabereka mapasa, akumata wochepayo, winayo akumuyeza ndi themometa. Zomatira zatsala zinayi. Inu atatu omwe munandipempha kuti mubwereke ndakulembani, achimwene akuti abweretsa zina pa Khirisimasi, koma yemwe ali ndi khanda ndi amene ayambe.